Kaunjika wa pa njanji: mbiri ya sitima zakale za dizilo ku Britain

Mu 1963, Richard Beeching, yemwe ankatsogolera bungwe la British Railways, anatulutsa lipoti lopempha boma kuti litseke masiteshoni 2,363 ndi njanji zotalika mamailosi pafupifupi 5,000. Zambiri mwa njanjizi zinali nthambi, tinjanji topatuka pa njanji yaikulu kulowera ku tawuni yaing'ono, ku doko la asodzi kapena ku mudzi wa m'mapiri. Nthambi zimene zinapulumuka nkhwangwayo zinatsala ndi matenda omwewo: okwera ochepa, ndalama zochepa, ndipo palibe bwana amene akanasainira sitima yatsopano kuti izikanyamula anthu makumi atatu. Chiyambire nthawi imeneyo, nthambi za ku Britain zakhala ngati mwana wotsiriza m'banja lalikulu, wovala malaya amene achimwene ake atopa nawo. Ambiri amaona zimenezi ngati manyazi. Koma mbiri ya zaka 60 zapitazi ikusonyeza kuti pamene zinthu zinavuta, vuto silinali ukalamba wa sitima. Linali kupereka sitima yosayenerana ndi njanjiyo, kapena kuipereka popanda woisamala.

Tiyambire pamene zinayenda bwino. Mu 1960 kampani ya Pressed Steel inapanga tisitima ta bogi imodzi totchedwa Class 121. Injini zake zili pansi pa bogi, ndipo poyendetsera pali kutsogolo ndi kumbuyo komwe, choncho ikafika kumapeto kwa nthambi woyendetsa amangotsika n'kukakhala mbali inayo. Sipafunika mutu wa sitima, sipafunikanso potembenukira. Kampani ya Chiltern Railways inaukitsa imodzi mu 2003, n'kuikonza kuti iziyenda pakati pa Aylesbury ndi Princes Risborough, ndipo tisitima ta mtunduwu tinanyamula anthu pa nthambiyo kufikira Meyi 2017, titakwanitsa zaka 57. Nzeru yomweyo inagwiranso ntchito mu 1991 ndi 1992, pamene sitima 35 za mabogi awiriawiri za Class 155 zinadulidwa pakati, theka lililonse n'kuliikira poyendetsera pachiwiri, ndipo panatuluka tisitima 70 ta Class 153. Patapita zaka, kampani ya ScotRail inatenga tisanu, n'kuzula mipando ina kuti mulowe njinga zakapalasa 20 ndi zikwama za okwera mapiri. Kuyambira 2021 timamangiriridwa ku sitima ya pakati pa Glasgow ndi Oban. Chitsulo chimodzi chagwira ntchito zitatu zosiyana, ndipo ulendo uliwonse amene anachisintha anayamba wafunsa chimene njanjiyo ikusowa.

Wotsutsa adzatchula Pacer, ndipo sanganene za nkhaniyi osaitchula. Sitima zimenezi zinapangidwa m'zaka za m'ma 1980, ndalama zitathina. Za Class 142 zinali thupi la basi ya Leyland National lokhazikidwa pa chimango cha mawilo anayi chochokera ku ngolo yonyamula katundu. Zinkagwedeza okwera mpaka anthu anazitcha abulu ogwedeza mutu. Zitatumizidwa ku nthambi za ku Cornwall, komwe njanji imakhotakhota motsata mitsinje, mawilo ake osatha kupinda ankalira pa ngodya iliyonse n'kumadya njanji, ndipo pasanathe zaka zambiri zinachotsedwako, m'malo mwake n'kubwera sitima zakale kuziposa. Pamenepa pali phunziro limene wotsutsa amalidumpha: Pacer inalephera ku Cornwall ili yatsopano, ndipo chinapulumutsa nthambizo ndi kaunjika. Ma Pacer ena, a Class 141, anagulitsidwa mpaka ku Iran kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000.

Dandaulo limene lili ndi mano ndi la chilungamo. Ma Pacer anapangidwa kuti agwire ntchito zaka pafupifupi 20, koma kampani ya Northern inatsitsa yomaliza mu Novembala 2020, ndipo ku Wales zinafika Meyi 2021. Nthawi yonseyo London inkalandira sitima zatsopano, pamene anthu a ku Manchester, Leeds ndi Cardiff ankapita ku ntchito atapanikizana m'basi ya pa njanji. Sitima yoyenera kanthambi ka kumudzi inkagwira ntchito ya mumzinda, ndipo chimene chinayamba ngati chigamba chinasanduka malaya enieni. Chinathandiza kuzichotsa ndi lamulo lofuna kuti pofika 2020 sitima iliyonse izitha kukweza munthu wa pa njinga ya olumala. Boma litalengeza mpikisano mu 2019 woti anthu apeze ntchito zatsopano za mabogi a Pacer, ambiri kumpoto anapsa mtima, poona ngati akupatsidwa makoko atadya ena. Komabe bogi ina inasanduka chipinda chophunzirira sayansi pa sukulu ya Fagley ku Bradford, ina inapita ku chipatala cha Airedale, ndipo zina zikunyamula alendo pa njanji zosungira mbiri monga ya Wensleydale. Dandauloli ndi loona, koma mlandu wake ndi wa ogawa, amene anazolowera kutumiza zotsala kumbali imodzi ya dziko.

Nkhani ya kampani ya Vivarail ndi imene imaonetsa mbali yachiwiri, ya osamalira. Adrian Shooter wa kampaniyo, yemwe kale anali mkulu wa Chiltern Railways, anagula mabogi a sitima zamagetsi zoyenda pansi pa London, zimene zinayamba ntchito mu 1980 pa District line. Matupi ake ndi a aluminiyamu osachita dzimbiri, choncho anangoika pansi pake injini za dizilo za Ford kuti zizipanga magetsi oyendetsa mawilo. Ganizolo linali lanzeru, ngakhale sitima yoyeserera inagwira moto ku Kenilworth mu Disembala 2016. Mu Epulo 2019 sitima zitatu zoterezi, zotchedwa Class 230, zinayamba kuyenda pa nthambi ya Marston Vale, pakati pa Bedford ndi Bletchley, ndipo nyengo yotentha itafika injini zinkavuta. Tsoka lenileni linadza mu Disembala 2022, kampani ya Vivarail itagwa. Amakaniko odziwa sitimazo anali a kampani yomweyo, ndipo itatseka zitseko sitima zonse zitatu zinaima tsiku limodzi. Anthu anakwera mabasi pafupifupi chaka chathunthu. Chinadzawaombola mu Novembala 2023 ndi Class 150, sitima ya dizilo ya m'ma 1980 yopanda chachilendo chilichonse, imene makaniko aliyense wa njanji ku Britain amaidziwa ndipo zida zake zosinthira zili mbwee. Aliyense amene anagulapo galimoto yachilendo yotchipa n'kusowa kogula fyuluta akumvetsa zimene zinachitika ku Bedford.

Latsala funso la utsi. Mu 2018 boma la Britain linanena kuti likufuna sitima zoyendera dizilo yekha zichoke pa njanji pofika 2040, ndipo wina anganene kuti kukonza zakale n'kuchedwetsa tsikulo. Koma nthambi ndi zimene zidzalandire mawaya amagetsi pomalizira, ngati zidzalandire n'komwe, ndipo sitima ikaima okwera sakhala kunyumba, amalowa m'galimoto. Ngakhale njira yotulukira mu dizilo ikudutsa pa kaunjika yemweyo: kampani ya Great Western Railway inagula zotsala za Vivarail mu 2023, n'kuyamba kuyesa Class 230 ya mabatire pa kanthambi ka Greenford, kumadzulo kwa London.

Ku Devon, sitima za tsiku ndi tsiku zopita ku Okehampton zinasiya mu 1972. Njanjiyo itatsegulidwanso mu Novembala 2021, sipanagulidwe bogi yatsopano ngakhale imodzi. Anangopatulako sitima za dizilo zimene zinkayenda kale m'chigawocho, ndipo pofika Meyi 2022 zinali kunyamuka ola lililonse kupita ku Exeter.