Phunziro Lochokera ku Kariba kwa Omanga

 Mvula ikatha ambiri a inu mudzayamba kumanga sukulu, zigafa za fodya ndi milatho. Chifukwa chake lero ndifuna kukukumbutsani za ntchito yaikulu ya ku Kariba, kumene amuna ambiri a kwathu kuno anapita kukagwira.

Damu la Kariba linamangidwa pa mtsinje wa Zambezi kuyambira 1955 kufikira 1959, ndipo analimanga ndi akampani a ku Italy otchedwa Impresit. Khoma lake ndi lotalika mamita 128 kupita m'mwamba. Koma ntchitoyo isanathe anafa anthu 86, Aafirika ndi Azungu omwe. Nanga chinawapha nchiyani?

Choyamba ndi madzi. Mu 1957 Zambezi anasefukira namiza khoma lotchinjiriza malo ogwirapo ntchito. Mu 1958 anadza ndi ukali woposa, nakokolola ndi milatho yomwe. Akatswiri anali atayesa mtsinjewo, koma unapyola muyeso wao. Inu mafumu, pomanga mlatho yambani mwafunsa nkhalamba pamene madzi anafika chaka cha chigumula.

Chachiwiri ndi liwiro. Migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia inali kudikira magetsi, ndipo masiku otayika ndi madzi anafunika kubwezedwa. Anthu anagwira usana ndi usiku m'chigwa chotentha kwambiri. Munthu wotopa saona msomali wosololoka, ndipo phazi lake siliponda bwino.

Chachitatu ndi nsanja. Mu February 1959 nsanja imene amuna anakwerapo inagwa, nafa anthu 17 tsiku limodzi. Pambuyo pake antchito anakana kugwira kwa masiku angapo, nati malipiro ao sanalingane ndi zoopsa zimene anali kuziona. Mau amenewa anamveka maliro atachitika kale.

Mwina mudzati, "Ife sitimanga Kariba." Nzoona. Koma munthu wogwa padenga la chigafa athyoka msana chimodzimodzi, ndipo munda wake ugonera chaka chimenecho. Tsono inu anyakwawa, sankhani munthu mmodzi wamaso kuti aziyendera nsanja m'mawa uliwonse anthu asanakwere. Mitengo yofumbwa ndi luzi lofuka zichotsedwe. Ntchito ya pamwamba igwiridwe kukali kozizira, mowa ubwere ntchito itatha, ndipo ana asasewere pansi pa omanga. Koposa zonse, mnyamata akanena kuti mtanda uwu ulikugwedezeka, musamuseke kuti ndi wamantha. Mumvereni, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ku Kariba omanga aja anasiyako tchalitchi cha Saint Barbara chokumbukira anzao amene anafa. Ife pamudzi pathu tisiye sukulu yokha, ndi omanga ake onse ali moyo. Tsalani bwino.