Amene analonjeza maroketi SpaceX isanabadwe

Chifikireni intaneti ya Starlink m'Zambia mu Okutobala 2023, ena a ife kuno ku Kabwe tayamba kuwerenga maroketi ngati zigoli za mpira: kodi SpaceX iponya angati chaka chino? Funsoli si lachabe, poti masetilaiti otipatsa intanetiyo amakwera ndi maroketi omwewo. Koma tisanabetcherane, tikumbuke kuti malonjezo otere si achilendo kuno.

Mu 1964, Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi amene anamenyera nawo ufulu, anatchula tsiku lenileni: roketi yake, D-Kalu 1, inyamuka pa 24 Okutobala, tsiku la ufulu. Achinyamata ake ankawaphunzitsa powakunkhuniza m'migolo pachitunda kunja kwa Lusaka, ndipo anapempha mapaundi 7 miliyoni ku UNESCO. Ndalama sizinabwere, roketi sinanyamuke.

Imene ambiri sitiidziwa ndi ya kutsidya kwa malire, ku Zaire ya Mobutu. Kampani ya ku West Germany, OTRAG, ya Lutz Kayser, inabwereka dera la ku Shaba lalikulu pafupifupi ngati Central Province yathuyi, n'cholinga choti iziponyerako masetilaiti motchipa. Roketi yoyamba inauluka bwino mu Meyi 1977. Mu Juni 1978 Mobutu anabwera yekha kudzaonerera, ndipo roketi inangoti kunyamuka, kupendama, n'kugwa iye akuona. Mu 1979 anathetsa pangano, Soviet Union ndi Angola zitadandaula kwambiri. Ngakhale imodzi sinafike pozungulira dziko.

SpaceX nayo inayamba mogwa: maroketi atatu oyamba analephera, wachinayi n'kufika mu 2008. Kenako chiwerengero chinakwera, 18 mu 2017, 61 mu 2022. Mu 2023 eni ake anati aponya 100, maroketi a Falcon anathera pa 96. Mu 2024 anatchula oposa 140, anafika 134. Lonjezo limaposabe zochitika, kungoti pano mpata wachepa, chifukwa gawo la pansi la roketi limabwerera, kutera, n'kuulukanso.

Ndiye ife tikamalosera, timayambira pa chiwerengero cha chaka chatha, osati pa mawu a Elon Musk, kenako n'kuchotsapo masabata a ngozi. Mu Julaye 2024 gawo la pamwamba la Falcon 9 linalephera litanyamula masetilaiti a Starlink, ndipo maulendo onse anaima kwa masabata awiri.