Kuyeza kukokoloka kwa nthaka ndi fumbi la mabomba a nyukiliya

M'zaka za m'ma 1950 mpaka 1963, mayiko a America, Soviet Union ndi Britain ankayesa mabomba a nyukiliya mumlengalenga. Fumbi lake lidauluzika dziko lonse lapansi n'kumagwa ndi mvula, ngakhale kuno kwathu. M'fumbimo munali tizinthu tosaoneka ndi maso totchedwa caesium-137, tomwe timatulutsa cheza chimene makina amatha kuyeza. Musade nkhawa: yomwe ili m'minda mwathu ndi yochepa kwambiri, siwononga mbewu kapena anthu.

Caesium ikagwa imakanirira pa dongo la nthaka ya pamwamba. Madzi sailowetsa pansi kwenikweni, ndipo mbewu zimayamwa yochepa chabe. Imachoka pamunda pokhapokha dothi lenilenilo litachoka. N'chifukwa chake akatswiri amaigwiritsa ntchito pofuna kudziwa kuchuluka kwa nthaka yomwe yakokoloka pa zaka 60 zapitazi. Njirayi imalimbikitsidwa ndi mabungwe a FAO ndi IAEA, ndipo idagwirapo ntchito m'chigwa cha mtsinje wa Kaleya kummwera kwa Zambia.

Katengedwe ka dothi

Choyamba amafuna malo oyerekezera: athyathyathya, osalimidwapo, osakumbidwapo, komanso osatsikirako dothi la kwina chiyambire m'ma 1950. M'madera otsetsereka ngati Bembeke, komwe kachewere ndi nyemba zimalimidwa mpaka m'mapiri, malo otere ndi osowa. Ena angaganize za kumanda poti kuli mitengo yakale, koma kumeneko dothi limakumbidwa, ndipo salowako popanda chilolezo cha amfumu. Nkhalango ya mudzi yomwe ili pamalo osatsetsereka ndiyo ingathandize.

Kenaka amakhoma chitsulo chamkati mwamphako m'nthaka, kuya kwake masentimita 30 mpaka 40, ndi kuzula dothi lonse lolowamo. Amatero pamalo oyerekezera paja, komanso m'munda motsata mzere kuchokera kumtunda mpaka kumunsi. Dothi la pa dzenje lililonse limaikidwa m'thumba lakelake lolembedwa bwino.

Apa mpamene mlimi wotsogola afunika kwambiri. Makina sadziwa kuti munda udatsegulidwa liti, pomwe panali chulu chimene mudasalaza, kapena chaka chomwe mudaika akalozera ndi udzu wa vetiva. Mukapanda kunena zimenezi, zotsatira zimasokonekera. Funsani akuluakulu omwe adaona mundawo ukadali tchire.

Kayezedwe

Ku labotale dothi amaliumitsa, kulisefa ndi kuliika m'makina owerenga cheza. Caesium imatsika ndi theka pa zaka 30 zilizonse, choncho yomwe yatsala lero ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Komanso kummwera kwa dziko lapansi kuno idagwa yochepa kusiyana ndi kumpoto, motero thumba limodzi limatha kutenga tsiku lathunthu m'makina.

Pomwe caesium yachepa poyerekeza ndi malo osalimidwa aja, nthaka idachoka. Pomwe yachuluka, monga kumunsi kwa munda kapena m'dambo, mpomwe idakaunjikana. Kusiyanako amakusandutsa matani pa hekitala pa chaka. Kuti muone kukula kwa vutoli, kafukufuku wina wa boma ndi FAO, wogwiritsa ntchito njira ina, adapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya matani 29 pa hekitala pa chaka.

Pofuna kuona ngati mizere yotseka kapena mtayakhasu zathandiza pa mvula yomwe yangogwa, amayeza beryllium-7. Iyi ndi yachilengedwe, imagwa ndi mvula chaka chilichonse, imatsika ndi theka pa masiku 53, ndipo amaitenga pa masentimita awiri okha a pamwamba.