Kupirira kwa anthu ndi chilengedwe m'boma la Karonga

Kupirira kwa anthu ndi chilengedwe ndi mphamvu imene dera limakhala nayo yolandira mavuto monga kusefukira kwa madzi, chilala kapena mliri, kenaka n'kudzukanso popanda kutaya zimene limadalira. Mfundoyi inatchuka m'chaka cha 1973 kudzera mwa katswiri wa zachilengedwe wa ku Canada, C. S. Holling. Akatswiri otsatira anaonjezera kuti anthu ndi malo awo n'chinthu chimodzi: zochita za anthu zimasintha nthaka, madzi ndi nkhalango, ndipo kusinthako kumawakakamiza kupeza njira zatsopano zokhalira. Boma la Karonga, kumpoto kwa Malawi, ndi limodzi mwa malo amene izi zimaoneka bwino.

Malo ndi anthu

Karonga ali pakati pa Nyanja ya Malawi kum'mawa ndi mapiri kumadzulo, ndipo kumpoto mtsinje wa Songwe ndiwo malire ake ndi Tanzania. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 365,028 m'bomali. Ambiri amakhala m'chigwa cha m'mbali mwa nyanja, momwe mumadutsa mitsinje ya Songwe, Lufilya, North Rukuru ndi Wovwe. Mitsinjeyi ikasefukira imagwetsa nyumba ndi kukokolola mbewu, koma ndi yomweyonso imene imasiya dothi lachonde ndi chinyezi choyenera mpunga. N'chifukwa chake anthu sachoka m'chigwachi ngakhale madzi amabwera kawirikawiri.

Kusadalira chinthu chimodzi

Kuyambira kale Angonde, amene mfumu yawo yaikulu ndi Kyungu, ankadalira nthochi, ng'ombe, mbewu za m'munda ndi nsomba. Cha m'ma 1892 mliri wa ng'ombe umene unasakaza mbali yaikulu ya Africa unafika kumpoto kwa nyanja n'kupha ziweto zochuluka, komabe nthochi ndi nsomba zinatsala, ndipo m'kupita kwa zaka makola anadzazanso.

Lero banja limodzi likhoza kulima mpunga kudambo, chinangwa ndi chimanga kumtunda, kuweta ng'ombe ndi kugulitsa usipa. Chilichonse chili ndi ntchito yake. Mpunga, makamaka wa Kilombero, umabweretsa ndalama. Chinangwa chimapirira ng'amba ndipo chimakhala m'nthaka miyezi yambiri, choncho kondowole sasowa chimanga chikalephera. Ng'ombe zimalima, ndiponso zimagulitsidwa pakagwa vuto. Madzi akaphwera, alimi amadzalanso m'madimba kuti abweze zimene zinakokoloka.

Ulimi wothirira ndi usodzi

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'zaka za m'ma 1970 boma linatsegula masikimu a mpunga a Hara, Wovwe ndi Lufilya. Kuthirira kunathandiza alimi kukolola kawiri pachaka m'malo moyembekezera mvula yokha. Poyamba boma ndilo linkayendetsa zonse, koma thandizo litachepa ngalande zinayamba kuwonongeka. Potsatira lamulo la ulimi wothirira la 2001, udindo wambiri unapita kwa mabungwe a alimi ogwiritsa ntchito madzi, omwe amagawa madzi, kutolera ndalama ndi kukonza ngalande.

Kunyanja nakonso, lamulo la zausodzi la 1997 linapatsa asodzi gawo posamalira nsomba kudzera m'makomiti a m'madoko, amene amathandiza kuletsa maukonde a maso ang'onoang'ono ndi kusunga nyengo yotseka usodzi nsomba zikamaswana. Izi zikugwirizana ndi zimene anapeza Elinor Ostrom, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 2009: chuma cha anthu onse chimasungika bwino ogwiritsa ntchito akamatenga mbali popanga malamulo ake.

Mavuto obwera mwadzidzidzi

Mu Disembala 2009 zivomezi zingapo zinagwedeza Karonga, chachikulu chinafika 6.0 pa muyeso wa mphamvu ya zivomezi. Anthu angapo anamwalira ndipo nyumba zikwizikwi zinagwa kapena kung'aluka. Ngoziyi inaonetsa kuti nyumba ya njerwa yopanda maziko ndi zomangira zolimba siteteza eni ake, ndipo pambuyo pake boma linatulutsa malangizo a kamangidwe kotetezeka.

Nyanja nayonso sikhala pamalo amodzi. Inatsika kwambiri cha m'ma 1915, inakwera kwambiri mu 1980, ndipo mu 2024 inakweranso n'kulowa m'minda ndi m'nyumba za m'mphepete mwake. Mtsinje wa Songwe umasinthasintha njira, moti munda umene unali ku Malawi ukhoza kupezeka tsidya la Tanzania. Maiko awiriwa anagwirizana zoyendetsera limodzi chigwa cha mtsinjewu.

Malire a kupirira

Si kusintha kulikonse kumene kumalimbitsa dera. Banja lotaya mbewu likayamba kuotcha makala limapeza ndalama lero, koma mitengo ikatha kumapiri madzi amatsika mwaliwiro, mchenga umadzaza mitsinje ndi ngalande, ndipo okhala kumunsi amakokoloredwa kwambiri chaka chotsatira. Olephera ulimi akachuluka kunyanja, nsomba zimachepa. Kusamutsa anthu a m'madera a Mwakaboko ndi Kilupula kupita kumtunda kumavutanso, chifukwa minda yachonde, manda a makolo ndi madoko zili kuchigwa. Choncho chitetezo cha mlimi wa mpunga kumunsi chimadalira mitengo ya kumtunda, komanso mgwirizano wa mafumu, makomiti a m'midzi ndi nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi.