Damu la Owedza Nsomba Lomwe Lidapha Anthu 2,209

Sabata ino ndabwera ndi mbiri yakale ya ku America, m'chigawo cha Pennsylvania. Ndi nkhani ya damu lomwe silinkapanga magetsi, silinkathirira munda wa munthu, ndipo panalibe mudzi womwe unkamwa madzi ake. Ntchito yake idali imodzi basi, kusunga nyanja yoti mpondamatiki aziwedzamo nsomba ndi kupalasa mabwato nthawi yotentha. Poyerekeza ndi Kariba, nyanjayo idali kachithaphwi chabe, makilomita atatu m'litali. Koma Lachisanu pa 31 Meyi 1889 damulo lidagumuka n'kupha anthu 2,209.

Dzina lake lidali South Fork Dam. Adalimanga ndi a boma la Pennsylvania, n'kulimaliza cha m'ma 1853, kuti lizisunga madzi othira m'ngalande zomwe munkayenda mabwato a katundu. Lidali khoma la dothi ndi miyala, mamita 22 kupita m'mwamba, mamita 284 kuchoka phiri ili kukafika phiri ilo. Omangawo ntchito ankaidziwa. Pansi pa khomalo adaikapo mapaipi asanu achitsulo oti munthu azitha kutsitsa madzi akafuna. Pambali adasema njira m'thanthwe yoti madzi akachuluka azitayikira kumeneko asadafike pamwamba pa khoma.

Tsoka lake, damu likutha kumangidwa, sitima ya pamtunda idali italanda kale malonda a ngalande zija. Mu 1857 lidagulitsidwa ku kampani ya njanji ya Pennsylvania Railroad, yomwe idalibe nalo ntchito. Mu 1862 lidabooka pakati, koma poti madzi adali ochepa, silidawononge zambiri. Lidakhala bwinja zaka zambiri, ndipo pa nthawi imeneyi mapaipi aja adazulidwa n'kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha.

Mu 1879 kudabwera mkulu wina dzina lake Benjamin Ruff. Iye adaona kuti anthu olemera a mumzinda wa Pittsburgh atopa ndi utsi wa mafakitale awo omwe, akufuna kopumira mphepo yabwino. Adagula malowo n'kuyambitsa kalabu yotchedwa South Fork Fishing and Hunting Club. Mamembala ake sadali anthu wamba ayi. Mudali Andrew Carnegie wa zitsulo uja, Henry Clay Frick, ndi Andrew Mellon wa mabanki. M'mbali mwa nyanjayo, yomwe adaitcha Lake Conemaugh, adamangamo nyumba zokongola zogonamo pa tchuthi.

Tsono apa mpamene pagona nkhani. Damu la dothi lili ndi lamulo limodzi lomwe silinyengereka: madzi asadutse pamwamba pake. Akangodutsa amayamba kukokolola dothi la kuseri, monga mmene madzi a mvula amadyera mzere wa m'munda, ndipo kang'alu kakang'ono kamasanduka chigwembe m'kanthawi kochepa. Chilichonse chomwe a kalabu adachita chidafupikitsa njira ya madzi yokafika pamwambapo.

Bowo la mu 1862 lija adalitseka ndi matope, miyala, nthambi ndi udzu, ndipo pakati pa khomalo padatsala potsika. Mapaipi sadabwezeretse, kutanthauza kuti panalibenso njira yotsitsira madzi, kaya kukubwera chimvula, kaya akufuna kukonza khoma. Msonga ya khoma adaisenga kuti msewu wa pamwamba ukule, ngolo ziwiri za akavalo zizitha kupatukirana. Ndiye poti nsomba zomwe adathira m'nyanjamo zidali zogula ndi ndalama zambiri, adatchinga njira yotayira madzi ija ndi sefa wachitsulo kuti nsomba zisathawe. Sefayo ankagwira nsomba, komanso ankagwira masamba, nthambi ndi zitsa.

Makilomita 23 kumunsi kwa chigwa kudali tauni ya Johnstown, pomwe pamakumana mitsinje ya Little Conemaugh ndi Stonycreek. M'chigwamo munkakhala anthu pafupifupi 30,000, ambiri a iwo apantchito a fakitale ya zitsulo ya Cambria Iron Company ndi mabanja awo. Nyanja ija idali pamwamba pawo ndi mamita pafupifupi 140.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chidaimba, zaka zisanu ndi zinayi zathunthu. Mu 1880 mkulu wa Cambria Iron, Daniel Morrell, adatuma injiniya wake John Fulton kukayendera damulo. Fulton adalemba zinthu ziwiri momveka bwino: palibe paipi yotulutsira madzi, ndipo kakonzedwe ka khoma n'kachinyengo. Morrell adafika ponena kuti kampani yake ithandizapo ndalama kuti ntchito ichitike bwino. Ruff adayankha kuti anthu a ku Johnstown sali pa ngozi iliyonse. Morrell adamwalira mu 1885, Ruff mu 1887, kalata zija zidangotsala m'mafayilo. Ku Johnstown nkhani ya damu idasanduka nthabwala. Mvula ikagwa yambiri wina ankati, "Lero ndiye damu lija liphulika," anthu n'kuseka.

Usiku wa pa 30 Meyi 1889 kudagwa chimvula chomwe anthu a m'deralo adali asadachionepo. Kutacha, mtsogoleri wa kalabu, Elias Unger, adapeza nyanja yatupa, madzi akukwerabe. Adasonkhanitsa antchito, ena kuunjika dothi pamwamba pa khoma, ena kukumba ngalande ina mbali inayo, koma pansi padali polimba. Adayesa kuchotsa sefa uja, koma adali atatsekeka ndi zinyalala, osasunthika. Injiniya wachinyamata wa kalabuyo, John Parke, adakwera kavalo kuthamangira ku tauni ya South Fork kukachenjeza anthu, ndipo uthenga udatumizidwa pa lamya kumunsi kwa chigwa. Koma ku Johnstown misewu idali itadzaza kale madzi a mitsinje iwiri ija. Anthu adali atakweza katundu ndi ana m'zipinda zam'mwamba, kudikira kuti madzi aphwe ngati zaka zonse. Ena uthengawo sudawafike, ena adaumva n'kuti ndi nthabwala yomwe ija.

Cha m'ma 3 koloko masana, pakati pa khoma padatseguka. Madzi olemera matani mamiliyoni ambiri adatsika m'chigwa chopapatiza. Mudzi wa Mineral Point udasesedwa mpaka kutsala thanthwe lokha. Ku East Conemaugh madzi adanyamula mitu ya sitima. Ku Woodvale adagwetsa fakitale ya waya n'kutenga mitolo ya waya waminga. Pomwe ankafika ku Johnstown, patatha mphindi 57, sadalinso madzi okha. Chidali chiphiri choyenda cha mitengo, nyumba, njanji, ziweto ndi anthu.

Kumunsi kwa tauniyo kudali mlatho wamiyala wa njanji. Mlathowo sudagwe, ndiye zonse zidaunjikana pamenepo, zitamangidwa ndi waya waminga uja. Madzulo mulu uja udagwira moto. Anthu pafupifupi 80 omwe adapulumuka m'madzi adapsera pomwepo, abale awo akuona, osatha kuwasolola. Mabanja 99 adatha psiti, osatsala ndi mmodzi yemwe woti alire anzake. Ana omwe adafa adali 396. Mitembo 777 palibe adaizindikira, ndipo idaikidwa pamalo amodzi ku manda a Grandview, pomwe mpaka lero pali mizere ya miyala yoyera yopanda maina.

Thandizo lidabwera kuchokera m'dziko lonselo ndi kunja komwe. Clara Barton, mayi wa zaka 67 yemwe adayambitsa American Red Cross, adafika pa 5 Juni ndipo adakhala komweko mpaka Okutobala. Carnegie adamangira tauniyo laibulale yatsopano, yomwe lero ndi nyumba yosungiramo mbiri ya chigumulachi.

Nanga mlandu? Opulumuka adakasuma, koma palibe khoti lomwe lidalamula kalabu kapena membala wake kulipira chipukuta misozi. Maloya a kalabu adati mvula ndi ya Mulungu, ndipo makhoti adavomereza. Bungwe la mainjiniya la American Society of Civil Engineers nalo lidanena mu 1891 kuti damulo likadagumukabe ngakhale likadakhala mmene lidamangidwira poyamba. Padapita zaka zoposa 120 kuti akatswiri a pa University of Pittsburgh at Johnstown awerengenso bwino. Mu 2016 adaonetsa kuti kusenga khoma ndi kusowa kwa mapaipi kudachepetsa kwambiri mphamvu ya damulo yotaya madzi.

Mkwiyo wa anthu sudapite pachabe komabe. M'zaka zotsatira makhoti a m'zigawo zambiri za America adayamba kutsata chigamulo cha ku England cha mu 1868, cha mlandu wa Rylands v. Fletcher. Mfundo yake ndi yoti ukasunga chinthu choopsa pamalo pako, monga madzi ochuluka, ndiye chapulumuka n'kuwononga za mnzako, ulipire, kaya udasamala kaya ayi.

Chomwe chimandikhudza ine n'choti pa anthu a kalabu aja panalibe yemwe adafuna kupha munthu. Wina ankangofuna msewu wotakasuka, wina ankaumira ndalama ya mapaipi, wina ankadandaula nsomba. Onsewo nyumba zawo zidali kumtunda kwa khoma, ndipo okhala kumunsi palibe adawafunsa maganizo.

Mvula ikamayandikira, amene mumakhala kumunsi kwa kadamu kalikonse, kaya ka pa esiteti, kaya ka pamalo achisangalalo, kaya ka m'mudzi, kayendereni. Onani ngati njira yotayira madzi ili yotseguka, ngati khoma silikudontha kuseri kapena kutsika pakati, ndipo funsani eni ake kuti madzi akachuluka amawatsitsa bwanji. Akakuyankhani ngati Ruff, musaseke nawo. Tionane sabata ya mawa.