Mtolo Umene Umadya Bandulo Yanu

Anzanga, tsamba la pa intaneti likamangozungulira osatseguka, musathamangire kunyoza netiweki. Mwina foni yanu ikukoka chimtolo cha JavaScript, ndipo mtolowo uli ndi mbiri yake.

Mu 1995 Brendan Eich wa ku Netscape anapanga chinenero cha makompyutachi m'masiku 10 okha. Chinalibe njira yogawira pulogalamu m'zigawo zoitanana. Olemba ankangondandalika mafayilo pa tsamba, ndiye mukasokoneza ndondomeko, basi zonse zaima.

Mu 2009 kunabwera CommonJS, imene Node.js inatengera, koma inkathandiza ku maseva. Kwa browser vuto linali lina: inkatsegula njira pafupifupi 6 zokha zopita ku seva imodzi, choncho mafayilo ankadikirana ngati zidebe pa mjigo. Akatswiri anati timange mtolo umodzi. Browserify inatuluka mu 2011, webpack ya Tobias Koppers mu 2012.

Mu 2015 chinenerocho chinalandira import ndi export zakezake. Chrome inayamba kuzimva mu 2017, Firefox mu 2018. Mwina mukuti mitolo inathera pompo? Ayi ndithu. Fayilo ikaitana inzake, inzakeyo n'kuitananso ina, kudikira kumatalika. Lero ambiri amamangabe, koma timitolo ting'onoting'ono, kuti foni izikoka chokhacho chofunika panthawiyo.

Wolemba akachita ulesi n'kumanga zonse pamodzi, amalipira ndinu, ndi bandulo imene mwagula ija. Inu amene mukuphunzira ntchitoyi, muzikumbukira wowerenga wa foni yotsika mtengo musanamange.