Mpeni ndi Jakisoni pa Nkhope Yokalamba

Pamene madokotala a ku Ulaya anayamba kulimbana ndi khungu la kunkhope limene limafwifwa ndi kulendewera zaka zikachuluka, anatsata njira ziwiri, ya jakisoni ndi ya mpeni, ndipo yoyambayo inabala misozi. M'chaka cha 1899 Robert Gersuny wa ku Vienna anayamba kubaya phula la parafini m'thupi, ena nalithira pansi pa khungu la nkhope. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, pakuti phulalo linkasendera ndi kuumbika zotupa zolimba, monga zinamuchitikira Gladys Deacon, mayi wotchuka ndi kukongola, amene phula lobayidwa pamphuno linamutsikira kuchibwano.

Mpeni unayenda mwachifatse. Suzanne Noël wa ku Paris, amene analemba buku la ntchitoyi mu 1926, ankadula kachigamba ka khungu m'mphepete mwa tsitsi, nakoka, nasoka, kuti chipsera chibisike. Komabe khungu lokha likakokedwa limatambasukanso, kufikira Tord Skoog wa ku Sweden anasonyeza mu 1974 kuti chofunika kukweza ndi mnofu wa pansi pake, ntchito yolemera imene imasiya munthu atatupa masabata angapo.

Jakisoni anabwereranso ndi Botox, amene boma la America linamuloleza pa makwinya a pakati pa nsidze mu 2002. Mankhwalawa amafooketsa timinofu kwa miyezi itatu kapena inayi, koma tsaya limene lagwa sangalinyamule, ndipo dokotala wobisira wodwala zimenezi amamulakwira kwambiri.